Ndinamwetsa Makoswe Madzi Oyera

1

Dzina langa lenileni sindikupatsani, chifukwa ku komboni ya Kanyama nkhani imalowa m'nyumba msanga kuposa madzi osefukira a mu Febuluwale. Munditche Magdalene. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinabwezera chipongwe kwa mng'ono wanga popanda kumukwezera mawu kapena kumukoka tsitsi. Chida changa chinali madzi akumwa, owiritsa bwinobwino, oti ngakhale khanda ukhoza kulimwetsa.

Ntchito yanga inali yosamalira makoswe. Inde, sekani, anthu a pa laini yathu anaseka kale mpaka anatopa. "Ba Magdalene," ankatero amake Chansa, mnansi wanga, "ise makoswe tiyapaya na poizoni, imwe muyawilisila na manzi? Dziko yasila." Koma anga sanali makoswe a m'ngalande. Anali oyera mbee, a maso ofiira, okhala m'makola apulasitiki m'labu ya sukulu ina ya ukachenjede imene sindiitchula. M'mawa uliwonse ndinkawachotsera utuchi, kudzaza mabotolo awo, kuwayeza pa sikelo, kwinaku ndikuwaimbira nyimbo za kwaya. Zaka zisanu ndi chimodzi, palibe khoswe amene anafa chifukwa cha ulesi wanga.

Taonga ndi mwana wa bambo anga aang'ono. Makolo ake atamwalira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinamutenga ine. Yunifomu yake ndinkachapa ndine, nsabwe ndinkamuphwanya ndine, atatha msinkhu womulangiza ndinali ine. Mtsikanayo anali ndi mutu. Anakwera mpaka anafika m'labu momwemo mmene ine ndinkakolopa, atavala chikhoti choyera, akuchita digiri yachiwiri. Pamaso pa Pulofesa, mkulu wa labuyo, ankanditchula "ba sisi" popanda manyazi, ine mtima nkumatupa ndi kunyada. Zimenezi muzisunge, kuti mumvetse chifukwa chake mkwiyo wanga unakula chotero.

2

Kafukufuku wa Taonga unali wa makoswe makumi atatu, ogawidwa patatu. Lolemba lililonse ndinkawapaka inki kumchira, popeza amanyambita ndipo imafufutika. A michira yakuda ankamwa madzi wamba. A michira yofiira ankamwa madzi osungunuliramo mtovu. A michira yabuluu ankamwa madzi a mtovu omwewo, koma m'chakudya chawo tinkasakanizamo ufa wobiriwira wa masamba a mtengo wina. Dzina la mtengowo sindikuuzani, mungayambe kukaugulitsa pa msika mawa. Milungu iwiri iliyonse Taonga ankatenga timagazi nkuwerenga asilikali a m'thupi, aja amatiteteza ku matenda. Funso lake linali limodzi: kodi ufawo ungateteze thupi limene mtovu ukulidya? Zaka ziwiri za moyo wake zinali m'makola amenewo.

Mtovu sunali wachilendo kwa ine. Mwamuna wanga Dyton ankaswa mabatire akale a galimoto kuseri kwa nyumba yathu, nkusungunula zam'kati mwake m'chimphika pa mbaula yaikulu, nkumagulitsa kwa ogula zitsulo. Utsi wake unkatsekemera pakhosi. Koma wa ku labu unali ngati shuga, wosungunuka m'madzi, pomwe wa kunyumba unali chitsulo chotuwa. Ndinkati poizoni ndi womwa, ndipo ife mabatire sitimwa.

Tsiku lina Taonga anayesa kundilankhula. "Ba sisi, ba mulamu sibangachoseko mabatire pa nyumba? Chisala asobela pafupi maningi."

"Ni mabatire yamene aya yanakudyesa mpaka wavala koti yoyela," ndinamudula. "Manje yayamba kukununkila?"

Sanabwerezenso.

Chisala ndi mwana wanga wamkazi. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zinayi, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka. Ndikangofika pakhomo ankandifunsa ngati makoswe adya, kenako nkundiuza nkhani za pa laini yonse, mpaka za amene wamenya mkazi wake. Iye asanabadwe panali Victor. Victor anamwalira ali ndi zaka ziwiri ndi theka, akuphupha m'manja mwanga tili panjira ya ku kiliniki. Apongozi anga a ku Matero anati ndi zakwathu, kumtundu kwathu kuli wina wodya ana. Pamaliro ndinaimirira, chitenje chitamasuka, nkufuula kuti, "Siku nizaziba wamene anapaya mwana wanga, nizamupaya na manja yanga aya!" Aliyense anamva.

Anthu anapitiriza kunditchula amake Victor. Dyton yekha ndiye anasintha nkuyamba kunditchula amake Chisala tsiku lomwe mwanayo anabadwa, ndipo dzina la Victor silinatulukenso pakamwa pake.

3

Amene ananditsina khutu ndi amake Chansa, tili pa mpope.

"Sinifuna kupwanya nyumba ya muntu, mwandi," anatero, maso ali pa chidebe. "Koma pa Chitatu mukayenda ku nchito, mufana wanu uja wa sukulu amabwela. Bakwela takisi na bamuna banu. Na kamwana batenga."

Ndinaseka kuti asaone kanthu. Ndinakumbukira kuti Lachitatu m'mawa Taonga safika ku labu, amati ali ku laibulale.

Madzulo ake Dyton akusamba, ndinatsegula foni yake. Uthenga wa Taonga unali pamwamba penipeni: "Ba mulamu, pa Chitatu tibweleleko futi. Koma nalema kubisa, nimvela kuipa nikabaona ba sisi." Ndipo Dyton anayankha mochonderera: "Napapata usakambe. Uziba mwamene alili. Angapaye muntu."

Lachitatu ndinanamizira dzino kuti ndisapite ku ntchito. Ndinabisala kuseri kwa kontena ya wogulitsa simenti mpaka takisi yawo inanyamuka, ine nkulowa ina. Tinakafika ku Chilenje, pa nyumba ya geti lobiriwira ndi mtengo wa magwafa. Analowa atatu. Ndinaima padzuwa ola lathunthu, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato. Potuluka, Dyton anali atanyamula Chisala paphewa, mwanayo akuyamwa switi. Taonga anagwira mkono wa mwamuna wanga ndi manja onse awiri, akumulankhula pafupi ndi khutu. Munthu wodutsa akanati ndi banja losangalala lochokera kokajambulitsa.

Kunyumba ndinapeza kapulasitala pamkono pa Chisala.

"Anazicheka na waya," anatero Dyton, akuyang'ana khoma.

"Mwenze kuti lelo, Chisala?" ndinafunsa.

Mwanayo anatseka pakamwa ndi timanja take, akuseka. "Ba anti bakamba ati ni sikileti yatu."

Mpaka mwana wanga amuphunzitsa kundibisira! Pamenepo magazi anga anawira. Mtsikana amene ndinamusambitsa, wodya m'mbale yanga, wandilanda mwamuna, ndipo tsopano akuyeserera kukhala mayi wa mwana wanga ine ndili moyo.

4

Akazi ena akanapita ndi madzi otentha. Ine ndinaphika, ndinachapa, ndinamwetulira. Mabala a madzi otentha amapola, ndipo anthu amamvera chisoni wopsayo. Ndinkafuna chinthu chimene chidzamutsata Taonga mpaka kumanda.

Kupha makoswe ake sindikanatha. Mlandu ukanagwera ine, iye akanangopatsidwa ena, komanso nyamazo sizinandilakwire. Ndiye ndinakumbukira wophunzira wina wa zaka zitatu zapitazo, amene zotsatira zake zinakoma mopitirira. Pulofesa atatumiza magazi ku South Africa kukayezetsa, zinadziwika kuti zimene analemba sanachite. Dzina lake linawerengedwa pa msonkhano, anamuchotsa sukulu, ndipo palibe labu imene inamulandiranso. Ndinaona ndi maso anga kuti anthu a kafukufuku amakhululukira wolephera, koma wabodza samukhululukira.

Choncho ndinaganiza zomupatsa Taonga zimene ankazilakalaka. Akwere, akwerebe, aitane ndi atolankhani omwe, kenako agwe pamaso pa onse.

Zinali zophweka mochititsa manyazi. Madzi a mtovu ankasakaniza yekha m'chigubu cha chivindikiro chofiira, koma wothira m'mabotolo ndinali ine. Makina oyezera mtovu m'magazi anali atafa kalekale, moti timagazi tina ankatisunga mufiriji kuti tidzapite kunja kafukufuku akatha. Kufikira tsiku limenelo ankadalira kuwerenga asilikali, sikelo, ndi ine.

Mlungu wachiwiri wa Meyi ndinayamba. A michira yofiira ndinkawapatsa poizoni wawo monga mwa nthawi zonse. Gawo la a michira yabuluu ndinkalikhuthulira mu diramu ya zinyalala zoopsa, kuti chigubu chizitsika bwino, ndipo m'mabotolo awo ndinkathiramo madzi oyera. Tsiku limene magaziwo adzapite kunja, adzapeza kuti makoswewa mtovu anaulawa pang'ono chabe. Ndani akanakhulupirira kuti wochita zimenezo ndi mayi wokolopa, wa sitandade seveni? Aliyense akanaloza mwini digiri.

Sipanapite nthawi, a buluu ananenepa. Ubweya unkawala, ankathamangitsana, ankakwera pa zivindikiro. A ofiira anali ndwii pakona.

Tsiku lina Taonga analowa akuthamanga, pepala lili m'manja. "Ba sisi! Onani! Basilikali ba buluu babwelela, balingana na ba blaki! Ufa igwila nchito!" Anandikumbatira, misozi ili chuchuchu. "Simuziba chabe vamene ichi chitantauza kuli ine."

"Niziba, mwana wa amai," ndinatero, ndikumusisita kumsana. "Niziba bwino."

M'tsitsi mwake ndinamva fungo la utsi wa kuseri kwa nyumba yanga. Ndinamufinya kwambiri, iye nkumayesa chikondi.

5

Maulendo a Lachitatu anatha mwadzidzidzi. Amake Chansa anandiuza mokhumudwa ngati munthu amene amuzimitsira wailesi sewero lisanathe. Ine ndinati angosintha malo okumanirana.

Kenako m'mawa wina ndinapeza Dyton akuthira ufa wobiriwira m'phala la Chisala. Mwamuna amene chikwatirane sanagwirepo chipande!

"Nichani ivo?"

"Ni Taonga ananipasa. Ati vipasa mpamvu kuli bana."

Ndinatsala pang'ono kuphulika ndi kuseka. Ufa wanga womwe uja, wa bodza langa, wafika mpaka m'khitchini mwanga. Ndinati adye, ndi masamba chabe, sapha munthu. Nayenso Dyton anaoneka kuti wapepukidwa mumtima. Anabweretsa mabatire ena wilibala zitatu kuchokera ku galaja ya minibasi, ndipo mbaula inkayaka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Chisala anayamba kusintha. Ankadandaula m'mimba. Chakudya ankangochitosa. Chifuwa chikatha kunkabwera zilonda za m'kamwa, zikapola kunkabwera chimfine. Ku kiliniki anayeza malungo, sanawapeze, anatipatsa mankhwala a njoka za m'mimba. Mwana wolongolola uja anayamba kukhala phee pakhonde, ndipo tsiku lina analuma mnzake popanda chifukwa. Za makoswe anasiya kufunsa.

Lolemba lina ndikupaka inki, ndinanyamula khoswe wa mchira wofiira. Anali atapinda msana, ubweya utaima, mphuno ikuchucha. Nyama yofatsa imene ndinailera kuyambira ili kamwana inatembenuka nkundiluma chala kudutsa golovesi. Ganizo lina linandidutsa m'mutu ngati mphepo yozizira. Ndinalithamangitsa. Ndinali wotanganidwa ndi kuwerenga masiku otsala kuti magazi apite ku South Africa.

6

Linali Lamlungu masana, titangochoka ku tchalitchi. Chisala anali kuseri, akumanga tinyumba ndi zotsalira zotuwa za m'chimphika cha bambo ake. Ndinamva chinthu chikugwa. Nditatuluka ndinamupeza chagada, maso atatembenuzika, miyendo ikumenya pansi, thovu lili kukamwa.

Dyton anagwetsa nyundo. "Victor!" anakuwa. "Mayo, Victor!"

Patatha zaka zinayi osatchula dzinalo, analitchula ataimirira pamwamba pa mlongo wake wa Victor.

Za m'njira sindikumbukira. Ndimangokumbukira benchi ya chipatala chachikulu, ndi Dyton akuimba foni. Posakhalitsa Taonga anatulukira, atavala nsapato zosiyana, envulopu yakhaki ili m'manja. Anandidutsa ngati sanandione, nkukagwira dokotala pakhomo.

"Ni mutovu, ba dokota. Mapepa aya. Tinamupima katatu."

Dokotala anayang'ana mapepalawo, nkutiyang'ana ife, nkhope itasintha. Analowa mothamanga akuitana anamwino.

Taonga anabwera nkugwada pa simenti patsogolo panga, anthu akuona.

"Ba sisi, nikululukileni. Ku Chilenje kuja kunkala ba dokota ba bana, banapumula nchito, benze ba ticha banga. Niye kwamene tenze kupeleka Chisala kumutapa magazi. Kuchokela pa malilo ya Victor nenze nikaikila mabatire. Niye chifukwa ninasanka kafukufuku iyi."

Anapukuta misozi nkupitiriza.

"Namba ya mutovu mu magazi yenze ikwela chabe. Ba dokota banati mwana agonekewe mu chipatala, achoke na pa yadi paja, lelo lamene. Ba mulamu banakana. Ati ba khonsolo bazabwela kubalesa nchito, ati imwe mukaziba va Victor muzapaya muntu, munalumbila pa malilo. Ine ninabapasa mpaka kusila kwa Meyi, ati nga simubauza, nizabauza neka."

Dyton anali ataimirira kukhoma, nkhope itakwiriridwa m'chipewa.

"Manje makoswe ya buluu yanayamba kuchila," anapitiriza Taonga, mawu akudukaduka. "Ninabauza ba mulamu na chimwemwe. Banati tiyese ufa, tilindileko pang'ono. Ba dokota ninabanamiza ati mwana tinamupeleka. Nenze niziba kuti koswe si mwana, ba sisi, nenze niziba, koma nenze nifuna maningi kuti chinkale chazoona. Sinimvesesa. Kuli makoswe inagwila nchito. Munaona mweka, inagwila nchito!"

7

Pali mawu ena amene munthu amawamva akutuluka pakamwa pake ngati akulankhula ndi wina.

"Siyenze kumwa mutovu," ndinatero.

"Bandani?"

"Ya buluu. Nenze kuyapasa manzi yabwino."

Anandiyang'ana akadali chigwadire. "Kuchokela liti?"

"Wiki yachibili ya mu Meyi."

Ndinaona milomo yake ikuwerenga. Milungu khumi ndi iwiri. Milungu khumi ndi iwiri imene Chisala akanakhala atachoka pa bwalo lija, madokotala akumuchotsa poizoni m'thupi. M'malo mwake anadya masamba m'phala, napuma utsi wa wilibala zitatu za mabatire. Amene anamugulira bambo ake nthawi imeneyo ndine, botolo ndi botolo, m'mawa uliwonse, ndikuimba nyimbo za kwaya.

"Chifukwa?" anafunsa Taonga.

"Nenze niganiza ati ugona na bamuna banga."

Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anaimirira pang'onopang'ono, nasansa fumbi m'mawondo.

"Imwe munanisambika, ba sisi. Munanilela. Munakangiwa kunifunsa funso imozi chabe?"

Anapita kukakhala pa benchi ya kutali, pafupi ndi chitseko chimene analowetsa Chisala. Tinadikira chomwecho anthu atatu, aliyense pakona pake.

8

Chisala sanamwalire. Anakhala m'chipatala masiku khumi ndi asanu ndi anayi, akumubaya mankhwala okoka mtovu m'magazi.

Sindinadikire za ku South Africa. Ndinapita kwa Pulofesa ndekha, ndinaika makiyi a nyumba ya makoswe patebulo, nkunena zonse. Anavula magalasi nkufunsa funso limodzi lokha, ngati ndikudziwa kuti nyama khumi za michira yofiira zavutika pachabe. Ntchito inathera pomwepo. Nayenso Taonga anakadzinenera yekha za ufa umene anapereka kwa mwana, ndipo anamuimitsa chaka chathunthu.

Mwina mukuganiza kuti mkwiyo wanga unafera pa benchi ija. Ayi ndithu. Unangopeza mwini wake.

Ndinayamba ndi a zaumoyo a ku khonsolo. Ndinawatsogolera ndekha mpaka kuseri kwa nyumba, nkuwaonetsa chimphika, mbaula ndi dzenje limene ankatayamo madzi a mabatire. Anatenga dothi, anatseka malowo, anayeza ana a pa laini yonse. Asanu anapezeka nawo. Kuyambira tsiku limenelo Dyton sankatha kudutsa pa mpope masana.

Kenako ndinaitanitsa mabanja onse awiri ku Matero, kwa apongozi, Loweruka masana. Anabwera poyesa kuti ndi zoyanjanitsa. Atatha kupemphera ndinamasula chitenje, nkuika patebulo, pamwamba pa kansalu kawo koluka, chibuma cha mtovu cholemera ngati mwala.

"Ba mai, munakamba ati kwatu kuli mfiti yodya bana. Zaka zonse izi bamai banga sibanapondepo pano chifukwa cha mau yanu. Lelo nakuletelani mfiti yanu. Iyi apa."

Ndinatembenukira kwa Dyton.

"Ba Dyton, bauzeni banyoko. Nindani anayamba kukuuzani kuti utsi uja upaya bana?"

"Amake Chisala, napapata..."

"Kambani!"

"Ni bamene nigulisako," anatero ndi mawu a pansi. "Bananiuza ati nisasungunulile pali bana."

"Liti?"

"Victor ali na myezi sikisi."

Apongozi anagwira pamutu nkutsetsereka pampando mpaka pansi. Sindinawadzutse. Dokotala anandiuza kuti za Victor palibe angalumbire, poti magazi ake sanayezedwe. Ine sindifuna wondilumbirira. Ndinamva dzina limene Dyton anakuwa kuseri kwa nyumba.

Ndinayang'ana manja anga, aja ndinalumbirira pamaliro. Amalume anga anayamba kusendera pafupi, kuopa kuti ndinyamula chibuma chija. Sindinachigwire.

"Sinizakupayani," ndinatero. "Ukwati wasila. Mwana mukafuna kumuona, muzamuona. Koma kuyambila lelo muzaniita amake Victor. Pa foni, pa geti, pa bantu, paliponse. Nga simunakambe zina ija, geti siseguka."

Ndipo amatero. Mwezi uliwonse amaima pa geti langa, chipewa chili m'manja, nkutchula dzina la mwana wake. Ndimamusiya atchule kawiri ndisanatsegule. Ndikanama ndikati sizindikomera.

9

Pano ndimakhala ku Bauleni, m'chipinda chimodzi, ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina kumayadi. Taonga anayambiranso kafukufuku wake ndi makoswe atsopano. Ndinamva kuti chigubu cha chivindikiro chofiira tsopano chili ndi loko, ndipo mabotolo amathira yekha. Ngati ufa uja umathandiza kapena ayi, sindikudziwa, ndipo ndilibe nkhope yofunsira. Loweruka lililonse amabwera kudzatenga Chisala kupita naye kwa ophunzitsa kulankhula. Amandipatsa moni mwaulemu wonse. Amati, "Muli bwanji, ba Magdalene."

Inu amene mukuwerenga, sindikuuzani kuti musamakwiye. Ine ndikadali wokwiya, ndipo Dyton sindinamukhululukire, musandilembere makalata a mavesi. Chimene ndikunena ndi chakuti ine ndinali ndi pakamwa, pomwe ndinkatukwanira ogulitsa makala ndi makondakitala, koma pa funso limodzi lofunika ndinapatseka. Ndinasankha kuchenjera. Ndinakonza chiwembu changa mwaluso, milungu khumi ndi iwiri osagwidwa, ndipo ndinkadzitama mumtima kuti mayi wa sitandade seveni wapusitsa anthu a madigiri. Ngati muli ndi wina amene mukumuphikira zotere, pitani kaye mukamufunse m'maso. Mukatero mupite kuseri kwa nyumba yanu mukaone chimene mwana wanu akuseweretsa.

Chisala ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Amayenda, amaseka, amakonda kuvina. Koma mwana amene ankandiuza nkhani za laini yonse watsala ndi mawu osakwana makumi awiri, ndipo madokotala sakulonjeza kuti ena adzabwerera. M'mawa uliwonse amadzuka, amabwera pamene ndili, nkundikoka chitenje. Amayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, akufunafuna liwu m'mutu mwake, ine ndikudikira.

"Mami," amatero pomaliza. "Manzi."

Ndimatenga kapu, nkumuthirira madzi owiritsa, oyera bwinobwino. Mpaka lero sindinathe kudzaza kapu imeneyo popanda kutayira pansi.